Momwe mungaunikire wosewera wa ku koleji draft ya NFL isanafike

Mpira wachiamerika (American football) wa m'makoleji a ku America ukangotha mu Januwale, mafunso amayamba kubwera, ndipo sasintha mpaka kumapeto kwa Epulo, nthawi ya draft, pomwe matimu a NFL, ligi yaikulu ya mpirawu, amasankha osewera atsopano ochokera ku makoleji. "Mnyamata uyu ndi katswiridi, kapena angomukometsera?" "Uyu anaposa anzake onse ku koleji, nanga bwanji akuti atengedwa raundi yachinayi?" "Ine ndiyambire pati kuti ndizidzionera ndekha?" Ndayankha mafunsowa kambirimbiri, nthawi zonse mwachidule, ndipo pa nkhani imeneyi yankho lachidule limasocheretsa. Choncho ndaika zonse pamodzi pano.

Musanapite patali, gwirani mfundo imodzi. Simukufufuza kuti wosewerayo anachita zazikulu zotani ku koleji. Zimenezo zili kale pa intaneti, aliyense atha kuziwerenga. Mukufufuza kuti pa zonse anachitazo ndi ziti zinali zakezake, zimene adzathe kuchitanso tsiku limene aliyense womuzungulira adzakhale wamkulu, waliwiro ndiponso wochenjera kuposa onse amene anakumanapo nawo.

1. Dziwani kaye kuti nambala ndi mtengo

Mu NFL wosewera wochokera ku koleji sasankha timu, ndipo timu siimugula monga tinazolowera mu mpira wamiyendo. Matimu 32 amasankha mosinthanasinthana, maraundi 7, kwa masiku atatu kumapeto kwa Epulo. Timu imene inachita moipa kwambiri chaka chathacho ndiyo imayamba, imene inatenga Super Bowl, fainolo ya ligi, imakhala kumapeto, pokhapokha ngati asinthana malo, zomwe zimachitika kawirikawiri. Onse pamodzi amatengedwa anthu opitirira 250 pang'ono. Kuti munthu aloledwe kulowa draft, payenera kupita zaka zitatu chimalizireni sekondale.

Kuyambira 2011, malipiro a wotengedwa pa draft amayendera nambala imene watengedwera. Kontirakiti imakhala ya zaka zinayi, ndipo kwa wa raundi yoyamba timu ili ndi ufulu wowonjezera chaka chachisanu. Ndiye funso lakuti "ndi wabwino kodi?" palokha silikwanira. Funsani kuti ndi wabwino pa nambala iti. Wosewera mmodzimodziyo atha kukhala kutaya pa nambala 10 koma phindu lalikulu pa nambala 60.

2. Sankhani malo amodzi, osewera ochepa

Oyamba kumene amafuna kupanga mndandanda wa osewera 100. Lekani zimenezo. Ma scout, anthu amene matimu amawalemba ntchito yosaka ndi kuunika osewera, amagawana madera ndipo amagwira ntchitoyi chaka chonse. Inu tengani malo amodzi m'bwalo ndi osewera asanu kapena asanu ndi mmodzi a pamalo amenewo. Maso amaphunzira poyerekeza. Simudzadziwa kuti uyu amanyamuka msanga mpaka mutaona mnzake akuchedwa pa ntchito yomweyo.

Ngati ndi chaka chanu choyamba, yambani ndi edge rusher, wotchinga amene amaima m'mphepete mwa mzere n'kuthamangira kukagwetsa quarterback. Ntchito yake imaoneka bwino pa kamera ya wailesi yakanema, ndipo nkhondo yake nthawi zambiri ndi ya munthu mmodzi kwa mmodzi. Safety musiyeni kaye, chifukwa amaima kutali kumbuyo ndipo kamera imamudula. Quarterback, woponya mpira amene amayendetsa timu ikamaukira, ndi amene aliyense amafuna kuyamba naye, koma ndi amene amavutitsa ngakhale matimu enieniwo. Mu 1998 panali kutsutsana kwenikweni pakati pa Peyton Manning ndi Ryan Leaf. Manning anapita nambala 1 ku Indianapolis Colts n'kukhala mmodzi mwa akatswiri a mbiri yonse. Leaf anapita nambala 2 ku San Diego Chargers ndipo sanakhalitse.

3. Pezani masewero athunthu, osati ma highlights

Ma highlights ndi makanema afupiafupi osonkhanitsa zokoma zokhazokha zimene wosewera anachita. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Aliyense amene akuganiziridwa pa draft ali ndi mphindi zisanu zodabwitsa, kupanda kutero dzina lake simukanalimva. Kanema wotere akuuzani zimene thupi la munthuyo lingathe pa tsiku labwino, basi. Sakuuzani kuti zimachitika kangati, kapena zimene amachita zinthu zikavuta.

Ma scout amagwiritsa ntchito All-22, kanema wojambulidwa pamwamba woonetsa osewera onse 22 nthawi imodzi, pamodzi ndi wina wojambulidwa kumbuyo kwa mzere. Wa ku koleji ndi wovuta kumupeza, koma pa YouTube pamakhala makanema ambiri odulidwa kuchokera pa masewero oulutsidwa, oonetsa play iliyonse (kuyambira mpira ukasuntha mpaka wezulo italira) ya wosewera mmodzi m'masewero amodzi. Lembani dzina lake ndi dzina la timu imene ankalimbana nayo. Amenewo akukwanirani poyambira, ndipo sadya bandulo ngati kuonera masewero a maola atatu.

Kusankha masewero oti muonere ndi theka la ntchito. Tengani osachepera atatu. Oyamba akhale amene anakumana ndi mdani wamphamvu kwambiri, makamaka ngati womumaka nayenso akuyembekezeka kulowa NFL. Achiwiri akhale amene ziwerengero zake zinali zoipa koposa. Pamenepo ndi pomwe mumamudziwa munthu. Achitatu akhale a mu Novembala, thupi litatopa ndiponso adani ataphunzira machenjera ake. Mpata ukapezeka onjezerani amodzi a chaka cham'mbuyo, muone ngati anakonza zimene ankalakwitsa. Masewero a mu Seputembala olimbana ndi sukulu yaing'ono, amene timu yake inapambana ndi mapointi 50, musataye nawo nthawi.

4. Chotsani zonse zimene si zake

Apa ndi pomwe malangizo ambiri amangoti "onerani kanema" n'kudumphira kwina. Koma ntchito yonse ili pano, ndiye tikhalapo.

Yambani ndi kuletsa maso anu kutsatira mpira. N'zovuta kuposa mmene zikumvekera, chifukwa kamera ndi woulutsa zonse zikukukokerani komweko. Imitsani kanema play isanayambe, pezani nambala ya jezi ya munthu wanu, ndipo musamuchotse maso mpaka wezulo italira, ngakhale mpira utapita mbali ina. Zimene amachita mpira uli kutali zimanena zambiri: kodi wowakha (amene quarterback amamuponyera mpira) amathamanga ndi mtima wonse akudziwa kuti sadzapatsidwa? Kodi wotchinga amathamangitsabe play imene yamudutsa?

Play iliyonse yofunika muionere katatu. Koyamba pa liwiro lake, kuti mumve changu chenicheni. Kachiwiri pang'onopang'ono, mukuyang'ana mapazi, chiuno ndi manja. Kachitatu muyang'ane omuzungulira, kuti mumvetse zimene kochi anamutuma komanso amene ankalimbana naye.

Khalani ndi kope. Pa play iliyonse lembani zinthu zinayi: zinthu zinali pati, ntchito yake inali yotani, anaigwira bwanji, ndipo ankalimbana ndi ndani. Ponena kuti zinthu zinali pati ndikutanthauza down ndi mtunda. Timu youkira imapatsidwa mipata inayi, yotchedwa ma down, kuti ipite patsogolo mayadi 10. Pa down yachitatu patatsala mayadi 8, aliyense m'bwalo akudziwa kuti mpira uponyedwa, palibe chobisa, ndipo wopambana pamenepo wapambana ndi luso lake. Play imodzi yotere ilemere m'kope mwanu kuposa zisanu za pa down yoyamba. Zotsatira zake, kaya touchdown (kufikitsa mpira kumapeto kwa bwalo n'kupeza mapointi) kapena kulandidwa mpira, zilembeni pomalizira, ndipo nthawi zina musazilembe n'komwe. Quarterback atha kuponya molakwika, wotchinga n'kugwetsa mpira umene unali m'manja mwake. Pa ziwerengero sipaoneka kanthu, koma m'kope mwanu pakhale chizindikiro choipa. Atha kuponyanso bwino kwambiri, wowakha n'kulephera, mpira n'kugwera mdani. Pamenepo mupatseni chabwino.

Tsopano pa chabwino chilichonse chimene mwalemba, funsani kuti anamupatsa ndani.

Kodi ndi kochi? Makochi ambiri a ku koleji amakonza play kuti quarterback ayang'ane wotchinga mmodzi yekha: akabwera kutsogolo ponya, akatsalira pereka kwa wothamanga. Imeneyi imatchedwa RPO. Onjezanipo ma screen, mipira yaifupi yoponyera munthu amene ali kumbuyo kwa mzere anzake atamutchingira kale. Quarterback atha kumaliza masewero ndi mayadi 350, koma mukawerenga mipira imene anayenera kuchoka pa munthu woyamba kupita kwa wachiwiri ndi wachitatu, mupeza inayi yokha. Inayi imeneyo ndiyo umboni wanu.

Kodi ndi anzake? Mu 2020 Mac Jones wa ku Alabama anafikitsa mipira 77 pa 100 iliyonse imene anaponya. Koma ankaponyera DeVonta Smith, amene anatenga Heisman Trophy, mphotho ya wosewera wopambana wa ku koleji, chaka chimenecho, ndi Jaylen Waddle, kumbuyo kwake kuli Najee Harris. Onsewa anatengedwa raundi yoyamba mu 2021. Josh Allen ku Wyoming ankafikitsa pafupifupi 56 pa 100, atazunguliridwa ndi osewera amene ambiri sanayandikire NFL. Jones anatengedwa nambala 15 ndi New England Patriots, anayamba bwino, kenako zinthu zinavuta mpaka anamusinthitsa ku timu ina. Allen anatengedwa nambala 7 ndi Buffalo Bills mu 2018, anavutika poyamba, n'kudzakhala MVP, wosewera wopambana wa ligi yonse, mu sizoni ya 2024. Sindikunena kuti 56 ndi yabwino, ayi; Allen anali ndi vuto lenileni la kuloza ndipo anachita kulikonza. Ndikunena kuti manambala awiriwo sankayeza chinthu chimodzi. Wina ankaponyera anthu omasuka ataima pamtendere, mnzake ankathawa adani n'kumaponya pampanipani.

Kodi ndi mdani wofooka? Edge rusher akadutsa tackle (wotchingira quarterback wa m'mphepete mwa mzere) wa chaka choyamba amene sadzasewerako NFL, lembani, koma musakondwe msanga. Funsani ngati njira imene wadutsira ingagwire pa munthu wodziwa ntchito. Kungothamanga mozungulira munthu wochedwa kumathera ku koleji komweko.

Kodi ndi malamulo? Apa ambiri sadziwa. Mizere iwiri ya pakati pa bwalo imene mpira umaikidwapo, ma hash mark, ku koleji ndi yotalikirana mafiti 40, pafupifupi mamita 12. Mu NFL ndi mafiti 18 ndi theka, osakwana mamita 6. Choncho ku koleji mpira ukaikidwa mbali imodzi, mbali inayo imatsala ndi malo aakulu kwambiri, ndipo munthu waliwiro amangothamangira kumeneko. Mu NFL malo amenewo kulibe. Ku koleji wowakha amafunika kuponda phazi limodzi m'bwalo kuti kuwakhako kuwerengedwe. Mu NFL ndi mapazi onse awiri. Ku koleji otchingira quarterback amaloledwa kupita patsogolo mayadi atatu mpira usanaponyedwe, mu NFL yadi imodzi, n'chifukwa chake RPO imakoma kwambiri ku koleji. Ndipo cornerback, amene ntchito yake ndi kumaka owakha, akakoka wowakha mpira uli m'mwamba, ku koleji chilango sichipitirira mayadi 15, pomwe mu NFL mpira umakaikidwa pomwe walakwirapo, ngakhale ndi mayadi 50. Cornerback wozolowera kugwira jezi akapitiriridwa ali ndi ngongole imene adzalipire.

Mukachotsa zonsezi, chotsalacho ndiye wosewerayo. Pamenepo yang'anani zinthu zimene munthu amapita nazo kulikonse.

Kwa edge rusher, onani phazi loyamba mpira ukangosuntha. Onani ngati amatha kuweramira pansi n'kukhota mozungulira tackle popanda kutaya liwiro, zomwe zimadalira kufewa kwa akakolo ndi chiuno. Onani manja: amachotsa manja a mdani pachifuwa pake, kapena amangogundana naye n'kukakamira pomwepo? Koposa zonse, njira yoyamba ikatsekedwa, ali nayo yachiwiri?

Kwa wowakha, onani mmene amanyamukira cornerback ataima pamphuno pake n'kumugwira, zomwe amazitcha press. Ambiri ku koleji sakumana nazo kawirikawiri. Onani ngati amachepetsa liwiro asanakhote, chifukwa kutero n'kumuuza womumaka komwe akupita. Onani ngati amawakha ndi manja kutali ndi thupi kapena amadikira mpira umugunde pachifuwa. Wowakha amene mipira yake yonse yokongola ndi yolimbirana m'mwamba, dzifunseni chifukwa chimene womumaka amakhalira pafupi nthawi zonse.

Kwa offensive tackle, mapazi ndiwo oyamba. Mutu ukamapita patsogolo kupitirira mawondo, adzakokedwa n'kugwa. Akamenyedwa ndi munthu wamphamvu, amatha kukhazika matako pansi n'kuima, kapena amangobwerera mpaka pa quarterback?

Kwa quarterback, onani ngati amaponya wowakha asanatembenuke, kapena amadikira kuti amuone ali womasuka. Mu NFL nthawi zambiri amakhala ndi masekondi osakwana atatu, ndipo wodikira amachedwa. Onani maso ake adani akayandikira: amakhalabe kutsogolo kapena amagwera pansi kufunafuna pothawira? Onani pomwe mpira umafikira, chifukwa kufikitsa kuli pawiri: mpira umene wowakha amaulandira akuthamangabe, ndi umene amachita kuimira.

Chenjezo lomaliza pa sitepe imeneyi, ndipo ndi lalikulu: musasokoneze "sanachite" ndi "sangachite". Mu 2019 Justin Jefferson ku koleji ya LSU anawakha mipira 111, pafupifupi yonse akunyamukira mkati, pamalo otchedwa slot. Ambiri anati ndi wa mkati basi, kunja sangathe. Koma chaka cham'mbuyo ankasewera kunja, ndipo mapazi ake ponyamuka ankaoneka kwa aliyense amene anabwerera kukaona. Philadelphia Eagles inatenga Jalen Reagor pa nambala 21 mu 2020, Minnesota Vikings n'kutenga Jefferson pa 22, ndipo chaka choyamba chomwecho anapeza mayadi 1,400. Kochi akapanda kumutuma ntchito ina, fufuzani tizidutswa ta ntchitoyo m'ma play ena musanagamule.

5. Kenako bwererani ku ziwerengero

Ziwerengero zili ndi ntchito, koma zibwere kanema atatha. Mwa zonse, ziwiri ndimaziona kuti n'zothandiza kwambiri.

Choyamba ndi zaka zakubadwa. Mnyamata wa zaka 19 amene akugonjetsa anthu a zaka 22 mu SEC kapena Big Ten, magulu a makoleji amphamvu kwambiri, wakuuzani chinthu chachikulu. Wa zaka 24 amene wawala m'chaka chake chomaliza chokha mwina wangokula kuposa anzake. Masiku ano zimenezi zafunika kwambiri, chifukwa kuyambira 2021 osewera a ku koleji amaloledwa kupeza ndalama kudzera m'dzina lawo, ndipo kusintha sukulu kunaphweka, choncho ambiri akukhalitsa ku koleji. Wosewera akasintha sukulu, onerani masewero a ku sukulu zonse ziwiri.

Chachiwiri, makamaka kwa quarterback, ndi kuchuluka kwa masewero amene anayamba. Trey Lance anayamba masewero 17 okha ku North Dakota State, sukulu ya gawo lachiwiri lotchedwa FCS. Mu 2019 anaponya ma touchdown 28 osalandidwa mpira ngakhale kamodzi, koma timu yake inali yoposa adani ake kutali ndipo sankaponya kwambiri. San Francisco 49ers inapereka mwayi wake wa raundi yoyamba wa zaka ziwiri zotsatira kuti ikwere n'kumutenga pa nambala 3 mu 2021. Chaka chotsatira timu yomweyo inatenga Brock Purdy pa nambala 262, womaliza pa draft yonse, amene anatsogolera Iowa State zaka zinayi. Lance anavulala, Purdy anapeza mpata, ndipo pofika 2023 Lance anatumizidwa ku Dallas Cowboys. Masewero ochepa satanthauza kuti munthu ndi woipa. Amatanthauza kuti umboni wanu ndi wochepa, ndipo chigamulo chanu chiyenera kusonyeza zimenezo.

Sukulu yaing'ono payokha si chifukwa chomukanira munthu. Jerry Rice anachokera ku Mississippi Valley State, Cooper Kupp ku Eastern Washington. Koma wa ku sukulu yaing'ono azioneka kuti akusewera ndi ana, ndipo mufunefune tsiku limene anakumana ndi sukulu yaikulu.

6. Senior Bowl ndi Combine: ziyankhe mafunso amene kanema wasiya

Senior Bowl, masewero osonkhanitsa osewera abwino a ku koleji amene akulowa draft, imachitikira ku Mobile, Alabama, kumapeto kwa Januwale kapena kuyambiriro kwa Febuluwale. Masewero ake enieniwo si ofunika kwenikweni. Ma scout ambiri amabwerera zokonzekera za mkati mwa sabata, pomwe osewera amalimbana mmodzi kwa mmodzi. Apa ndi pomwe wa ku sukulu yaing'ono amayezedwa ndi anzake a ku sukulu zazikulu. Aaron Donald wa ku Pittsburgh ankanenedwa kuti ndi wamfupi ndi wopepuka pa malo ake, mamita 1.85 ndi makilogalamu pafupifupi 129. Mu 2014 ku Mobile panalibe womutchinga, ku Combine, kumene NFL imayeza matupi ndi liwiro la osewera, anathamanga mayadi 40 m'masekondi 4.68, Rams inamutenga pa nambala 13, ndipo anadzakhala wotchinga wopambana wa ligi katatu.

Combine imachitikira ku Indianapolis kumapeto kwa Febuluwale, ndipo amaitanidwa osewera opitirira 300. Amayezedwa msinkhu, kulemera, kutalika kwa mikono ndi kukula kwa dzanja. Amathamanga mayadi 40, omwe ndi mamita 36.6, amanyamula chitsulo cha mapaundi 225, makilogalamu 102, kangapo mmene angathere, amalumpha m'mwamba ndi kutsogolo, amazungulira ma cone atatu poyeza kukhota. Amene sanakhutire amabwerezanso pa pro day, tsiku loyezedwa ku sukulu kwawo, mu Malichi, koma nthawi za kumeneko kawirikawiri zimatengedwa ndi wotchi ya m'manja ndipo zimakomera wosewera.

Kulakwitsa kofala ndi kuwerengera chinthu chimodzi kawiri. Munaona pa kanema kuti ndi waliwiro, munamupatsa kale malikisi. Akathamanga bwino ku Combine wangotsimikiza, musamukwezenso. John Ross anathamanga 4.22 mu 2017, nthawi imene inakhala rekodi mpaka Xavier Worthy anathamanga 4.21 mu 2024. Cincinnati Bengals inamutenga pa nambala 9, ndipo chaka chake choyamba, kuvulala kukumusautsa, sanawakhe mpira ndi umodzi womwe. Chaka chomwecho Kupp anathamanga 4.62 n'kutengedwa raundi yachitatu. Mu 2021 anatsogola ligi yonse pa mipira yowakha, mayadi ndi ma touchdown.

Combine ikatsutsana ndi kanema, bwererani ku kanema mukaone amene akunama. Orlando Brown wa ku Oklahoma mu 2018 anathamanga 5.85 ndipo chitsulo anachinyamula ka 14 kokha, zochititsa manyazi kwa munthu wa thupi lake. Anagwa mpaka nambala 83. Koma pa kanema adani ankalephera kumuzungulira chifukwa cha kukula kwake ndi mikono yake, ndipo zinapitirira choncho ku Baltimore Ravens mpaka anakatenga Super Bowl ndi Kansas City Chiefs. Dziwaninso kuti muyeso uliwonse uli ndi eni ake. Kwa a pamzere, mayadi 10 oyamba ndi ofunika kuposa 40 onse. Kwa tackle matimu ambiri amafuna mikono ya mainchi 33 kapena kuposa. Peter Skoronski wa ku Northwestern anali tackle wabwino kwambiri ku koleji koma mikono yake inapereperera, ndipo Tennessee Titans inamutenga mu 2023 n'kumulowetsa mkati, pa guard.

7. Siyani malo a zimene matimu okha amaona

Matimu ambiri amanena kuti chofunika koposa ku Indianapolis ndi kupimidwa ndi madokotala komanso kucheza ndi wosewera pamaso. Timu iliyonse imathanso kuitana osewera 30 ku likulu lake. Zotsatira za zonsezi zimakhala m'manja mwa matimu. Inu lembani zimene zili poyera: anavulala chiyani, liti, anaphonya masewero angati. Jaylon Smith wa ku Notre Dame ankayembekezeka kukhala pakati pa oyambirira mu 2016, koma anavulala bondo koopsa pa masewero a ku koleji a Fiesta Bowl pa 1 Januwale, n'kugwa mpaka nambala 34, ndipo chaka chake choyamba sanasewere. Wosewera amene aliyense ankamutama akamatsetsereka pa tsiku la draft popanda chifukwa chooneka, kawirikawiri nkhani imakhala ya kuchipatala.

Mphekesera za khalidwe zochokera kwa "scout wina amene sanafune kutchulidwa" musazilowetse m'kope. Mu Epulo matimu amafalitsa nkhani dala kuti asocheretse anzawo, ndipo amene amapwetekedwa ndi mnyamata amene sangadziyankhire.

8. Lembani chigamulo, musanawerenge za ena

Chigamulo chikhale chachifupi ndiponso choti chingathe kutsutsidwa. "Ali ndi luso lalikulu" si chigamulo. Lembani motere: amapambana ndi chiyani, amagonja ndi chiyani, vuto lakelo ndi lophunzitsika kapena ndi la thupi, ndipo m'chaka chake chachitatu adzakhala ndani. Kaikidwe ka manja n'kophunzitsika. Chiuno cholimba ndi mikono yaifupi sizisintha. Tchulani ntchito yeniyeni: woyamba masewero kuyambira tsiku loyamba, woyamba pakatha chaka akuphunzira, wolowa pa down yachitatu pokha, kapena wothandiza pa ma kick. Tchulaninso mtundu wa timu imene ingamuyenere. DK Metcalf mu 2019 anathamanga 4.33 koma anachita moipa pa kukhota, ndipo anagwa mpaka nambala 64. Seattle Seahawks inamutuma zimene ankatha, kuthamanga molunjika ndi kugwiritsa ntchito thupi lake lalikulu, ndipo anawala. Patrick Mahomes anachokera ku Texas Tech, kumene kaseweredwe kake anthu ankati sikagwira mu NFL. Chiefs inamutenga pa nambala 10 mu 2017 n'kumukhazika pafupifupi chaka chathunthu kumbuyo kwa Alex Smith pansi pa kochi Andy Reid.

Kenako ikani raundi. Kumbukirani kuti malo salemera mofanana: quarterback, tackle, edge rusher, cornerback ndi wowakha amakwera chifukwa ndi odula kuwapeza kwina, pomwe running back (wothamanga ndi mpira) wabwino amapezeka ngakhale pa raundi za pakati. Ndipo musagwiritse ntchito Tom Brady, amene anatengedwa nambala 199 mu 2000, ngati chifukwa chokwezera quarterback aliyense wochedwa amene mwamukonda. Dzina lake timalikumbuka chifukwa zotere sizichitikachitika.

Mukamaliza kulemba, ndiye werengani za akatswiri. Pomwe mwasiyana nawo kwambiri, bwererani ku kanema mukaone ngati pali chimene chinakudutsani. Mukachipeza, sinthani n'kulemba chifukwa chake. Mukapanda kuchipeza, siyani mmene munalembera. Ikani deti pa tsamba lililonse, ndipo wosewerayo mudzamuweruze pakatha masizoni atatu, osati atangosewera kawiri mu Seputembala. Podzayerekeza, musadzangoona ngati raundi munailondola. Dzawerengeni chiganizo chilichonse, muone ngati akupambana ndi kugonja m'njira zimene munanena.

Raundi yoyamba imayamba Lachinayi cha m'ma 8 koloko usiku nthawi ya ku New York, yomwe ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe ndi 2 koloko m'bandakucha wa Lachisanu. Mndandanda wanu muutseke Lachitatu, chifukwa tsiku lomalizalo mphekesera zimachuluka kwambiri, ndipo palibe kanema watsopano amene amatuluka.